Sizasi Sibwerera M'mbuyo

Mzime ankayamba tsiku ndi singano. Asanasese, asanateleke madzi, ankakhala pampando wa pafupi ndi zenera n'kuika pamwendo kamtsamiro kobayapo singano. Ankanyowetsa nsonga ya ulusi ndi malovu, kuipotokola pang'ono ndi zala, kenako n'kuilowetsa pakabowo ka singano. Ulusi wakuda unkapita pa singano zakumanja, woyera pa zakumanzere, wabuluu pakati. Sankapupuluma. Akanapupuluma singano zikanasokonekera malo, ndipo bambo akanasoka thalauza lakuda la munthu ndi ulusi woyera.

Akamaliza za m'manja ankatuluka pakhonde pomwe panali makina osokera. Ankawavundukula, kulowetsa ulusi pasingano yake, kuona ngati ulusi wapansi ulipo wokwanira, n'kuwavundikiranso ngati sipanafike munthu.

Bambo akadzuka ankayenda pang'onopang'ono, dzanja likukhudza khoma, mpaka kukakhala pamakinapo. Zala zawo zinkatsata ulusi kuchokera pamwamba mpaka pasingano.

"Waona?" ankatero. "Mmisiri amagona atakonzeratu zida zake."

"Inde, bambo."

Mzime sankadziwa ngati bambo ankakhulupiriradi kuti ndi iwo anakonza dzulo lake. Sanawafunsepo.

Bambowo anali telala wa mumsewu umenewo kuyambira Mzime asanabadwe. Ana onse anaphunzira sukulu ndi makina omwewo. Amayi atamwalira, abale anakhala pansi n'kuona kuti woyenera kukhala ndi bambo ndi Mzime, poti analibe banja, ndiponso ntchito yake ya m'sitolo sinali ntchito yoti munthu n'kuilirira. Sanamufunse. Nayenso sanakane. Ankamutchula Mzime chifukwa ndiye anatsiriza kubadwa, ndipo ngakhale imvi zinali zitayamba kumera pafupi ndi makutu ake, m'banjamo anali akadali mwana.

Ng'ala inabwera m'maso mwa bambo mwakachetechete, ngati chinyezi cholowa m'khoma. Poyamba ankangodandaula kuti singano za masiku ano amazipanga ndi timabowo tating'ono. Kenako anayamba kunena kuti kunja kuli chifunga pamene dzuwa likuswa mtengo. Mzime anaona, ndipo anayamba kukonza nyumba yonse kuti igwirizane ndi maso awo. Mipando sinkasuntha. Kapu ya bambo inkakhala pakona imodzi ya tebulo, chogwirira chake chitaloza kumpando wawo. Munthu akamalowa pageti, Mzime ankafuula ngati wokondwa kwambiri, "Eee, amayi a mapasa, mwatiyendera!" ndipo bambo ankalandira mlendoyo ngati amuonera patali.

Ntchito yeniyeni inkachitika masana, bambo akagona. Mzime ankatenga zonse zimene asoka m'mawa, kulowa nazo kuchipinda kwake, n'kumasula ndi lezala misoko yokhotakhota ija. Kenako ankasokanso mofulumira, khutu lili kuchipinda kwa bambo, akupondaponda makina mofatsa kuti asalire kwambiri. Kusoka mzere wowongoka ankakudziwa, anakula akuonerera. Kupinda thalauza, kuika zipi, kuphatika chigamba, zonsezi ankatha.

Chimene sankadziwa ndi kudula. Bambo sanaphunzitsepo mwana aliyense kudula nsalu, ndipo sizasi yawo yaikulu yakuda sinkagwiridwa ndi munthu wina.

"Msoko ukakhota umamasula," ankatero kuyambira kale. "Koma sizasi sibwerera m'mbuyo."

N'chifukwa chake munthu akabwera ndi nsalu yatsopano, Mzime ankamutsekereza pageti. "Pepani, bambo ntchito yawachulukira mwezi uno," ankatero motsitsa mawu, munthuyo n'kubwerera.

Munthu mmodzi yekha ndiye ankadziwa zonsezi. Anali mnzawo wa bambo, nkhalamba yosoka nsapato imene aliyense ankaitchula a Chidendene. Khutu lawo limodzi linali litafa, ndipo ankalankhula ngati akuitana munthu wa kutsidya la msewu. M'mawa uliwonse ankabwera ndi kabokosi kawo ka zida n'kukhala pabenchi pafupi ndi makina.

"A Zigamba! Mukadali moyo?"

"Ndikadali moyo. Ndikudikira ndiyambe ndakusokerani suti ya m'bokosi."

"Muisoke yothina. Ikakhala yomasuka ndidzadzuka kudzakuvutitsani."

"Inu nsapato zanu munthu akavala amafika kwawo ali ndi imodzi."

"Nanga thalauza lanu lija? Mwendo wina wa mphunzitsi, wina wa mwana wa sukulu!"

Ankatukwanizana choncho mpaka dzuwa kufika pamutu, ndipo imeneyo ndiyo inali nthawi yokha imene Mzime ankamva bambo akuseka mpaka kutsokomola.

Tsiku lina a Chidendene anamukokera Mzime kuseri kwa nyumba. Iwo ankaganiza kuti akunong'ona.

"Mnzangayu dzulo anandipatsa moni kawiri. Kachiwiriko anapatsa mgolo wa madzi." Anaseka pang'ono, kenako nkhope yawo inagwa. "Koma usawauze akuluakulu aja, wamva? Ana akamva kuti wafooka sakufunsa. Amangokunyamula ngati thumba."

Sipanapite nthawi yaitali, a Chidendene anaterereka pamasitepe a nyumba yawo n'kuthyoka chiuno. Mwana wawo anabwera ndi galimoto. Mzime anaima pageti kuonerera akuwalowetsa kumbuyo, iwo akufuula kuti kabokosi kawo kasatsale. Kabokosiko kanatsala. Mvula inakanyowetsa pakhonde mpaka ana a mumsewu anatola zida n'kumasewera nazo. Pambuyo pake kunamveka kuti a Chidendene ali m'chipinda chabwino, chokhala ndi kapeti, akudya katatu, koma asiya kulankhula. Amangoyang'ana khoma.

Bambo atamva zimenezi anakhala pamakina m'mawa wonse osaponda. Benchi linali pomwepo, lopanda munthu.

"Mzime."

"Bambo."

"Tsiku limene adzandikweze galimoto ngati mnzanga uja, udzadziwe kuti mwandiika m'manda ndili maso."

Mzime anawasunga mawuwo ngati lonjezo.

Achimwene aakulu ankabwera mwa apo ndi apo. Ankafika ndi shuga ndi sopo, kumwa tiyi, n'kunyamuka dzuwa lisanapendeke. Ankakonda kutenga chovala chomalizidwa pamulu n'kuchitembenuza.

"Taonani msoko uwu," ankauza akazi awo. "Wowongoka ngati njanji. Anzawo onse agwa, koma mdalayu ayi. Anthu akumandifunsa kuti bambo mukuwasamala bwanji, ine ndimati bambo akudzisamala okha." Kenako ankacheukira kwa Mzime n'kuseka. "Iwe ndiye uli pabwino. Ukungonenepa pano."

Mzime ankamwetulira n'kutola makapu. Misoko yake yomwe ndiyo inkatseka abale ake m'maso. Akasoka bwino, m'pamene achimwene ankapita kwawo mtima uli m'malo.

Ulendo wina anabwera ndi mwana wawo wamkazi, mtsikana woseka msanga amene Mzime anamuberekapo kumsana ali khanda. Anali pafupi kukwatiwa. Alamu ananyamula phukusi lokulungidwa m'pepala, ndipo atalimasula patebulo, chipinda chinachita ngati chawala. Inali nsalu yoyera, yoterera, yolemera m'manja.

"Bambo," achimwene anatero, mawu awo atadzaza kunyada, "mwanayu anabadwa mukumusokera matewera. Yunifolomu yake yoyamba munasoka ndinu. Ndinalumbira kuti diresi lake la ukwati silipita kwa telala wina. Nsaluyi tachita kuitanitsa kutali, ndipo inali yomaliza."

Bambo anatambasula dzanja. Zala zawo zinayenda pansaluyo, kuitsina, kuisisita. Mzime anawayang'anitsitsa, akupempha mumtima kuti anene kuti nyamakazi yawagwira m'manja, kapena chilichonse.

"Agogo, mundisokera eti?" mtsikanayo anatero, atagwada pafupi ndi mpando wawo. "Anzanga onse ndawauza kale."

"Nanga akusokere ndani?" bambo anatero. "Mzime, bweretsa tepi."

Poyeza, bambo ankazunguliza tepi m'chiuno mwa mdzukulu wawo n'kuika chala chachikulu pamene tepiyo yakumana. Mzime ankawerama, kuwerenga nambala mokweza ngati akungobwereza zimene wauzidwa, n'kulemba. Palibe anazindikira kuti bambo sanatchule nambala ngakhale imodzi.

Kukhitchini, akutsuka makapu, Mzime anayesa.

"Alamu, bwanji diresili mukanakasoketsa kwina? Bambo masiku ano amatopa msanga."

Alamu anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Iwe mlamu, usatero. Poti iwe sunavalepo loyera, ndiye mwana wa achimwene ako asasangalale?" Ananena moseka, akumugunda paphewa, koma mawuwo analowa ngati singano pansi pa chikhadabo. Mzime anapitiriza kutsuka kapu imene inali itayera kale.

Nsaluyo inakhala pamwamba pa kabati. Bambo tsiku lina ankati kunja kuli mitambo, tsiku lina ankati sizasi yabuntha. Anainola, n'kuinolanso. Masiku a ukwati ankayandikira, ndipo achimwene ankaimba foni kufunsa kuti diresi lafika pati.

"Likuyenda," bambo ankayankha. "Chabwino sichithamangiridwa."

Mzime analimba mtima m'mawa wina akuwapatsa madzi osamba m'manja.

"Bambo, bwanji tikadulitse kwa telala wa kumsika uja? Inu mudzangosoka."

Bambo anachotsa manja m'beseni.

"Uja? Uja ndinamuphunzitsa ndine kugwira tepi. Ndikamupempha kudula, mawa msewu wonse udziwa. Mkuja achimwene ako amva. Ukufuna zimenezo?"

"Ayi, bambo."

"Ndiye tseka pakamwa. Nsalu ndadula moyo wanga wonse. Manja awa amadziwa njira okha."

Tsiku lodula linafika kunja kutayera bwino. Anasunthira tebulo pafupi ndi chitseko kuti kuwala kugwere pamenepo. Tebulolo linali lakale, lodzaza madontho a mafuta a makina amene sankachoka ngakhale utakwecha motani. Mzime anaganiza za nsalu yoyera ija itagona pamadonthowo, mtima wake n'kukana. Bambo ali kosamba, anatsegula sutikesi ya malemu amayi, natulutsa shiti yawo yoyera imene ankaisungira alendo, n'kuiyala patebulo. Pamwamba pake anayala nsalu ya diresi, kuisalaza ndi zikhato mpaka makwinya onse atatha.

Anafuna kuwauza. Koma kunena kuti "bambo, pansipo pali shiti yoyera" kunali ngati kunena kuti "bambo, simukuona". M'nyumbamo mawu amenewo anali asanatulukepo pakamwa pa munthu. Anadziuza kuti adzaima pambali pawo, ndipo sizasi ikayandikira adzakweza nsaluyo ndi dzanja.

Bambo anabwera atavala malaya awo a kolala, tepi ili m'khosi, choko chabuluu chili m'manja. Anaima patebulo kanthawi.

"Ulusi woyera umene tili nawowu ndi wokhuthala," anatero. "Pita kusitolo ya kumtunda ukagule wopyapyala."

"Ndipita masana, bambo. Panopa ndikuthandizeni kugwira."

"Ndati pita. Sindidula munthu atandiima pamsana."

Mzime anapita. Njira yonse ankathamanga ndi mtima, miyendo ikutsalira. Kusitolo anapeza mzere, ndipo wogulitsa anachedwa kufunafuna ulusiwo m'makatoni.

Atabwerera sanamve kulira kwa sizasi. Bambo anali pampando wawo, sizasi ili pansi pafupi ndi phazi lawo. Pamwendo pawo panali chidutswa cha nsalu, ndipo zala zawo zinkachipekesa, kulekanitsa nsalu yoterera ndi nsalu ya shiti imene inadulikira nayo pamodzi. Patebulo panali zidutswa zina. Shiti ija inali itakwinyika pansi n'kukoka nsalu ya pamwamba, ndipo sizasi inatsata makwinyawo. Mbali ya kutsogolo inali yaitali kumanja, yaifupi kumanzere. Mzere wina unasochera n'kulowa mpaka pachifuwa.

"Unayala chiyani patebulo?" bambo anafunsa, osakweza mawu.

"Shiti ya amayi."

"Choyera pa choyera." Anapukusa mutu pang'onopang'ono. "Ndimamva kuti sizasi ikulemera. Ndimati ndi manja angawa." Anatembenukira kwa Mzime. "Bwanji sunandiuze?"

Mzime anayang'ana ulusi umene unali m'dzanja lake. Yankho linalipo, koma linali lomwe lija losanenedwa.

Masiku otsatira anayesa zonse. Masana ankayala zidutswazo pabedi lake, kuzitembenuza, kuzilumikiza ndi mapini, kuona ngati mzere wa pachifuwa ungabisike m'khwinya. Sizinatheke. Madzi akatayika saoleka. Bambo anasiya kutuluka pakhonde. Mzime ankalowetsabe ulusi pa singano m'mawa uliwonse, koma madzulo ankazipeza zili momwe anazisiyira. Foni ikalira bambo ankati, "Uwauze ndagona."

Loweruka galimoto inaima pageti. Anatsika achimwene, alamu, ndi mtsikana uja atanyamula nsapato zoyera m'bokosi kuti ayesere pamodzi ndi diresi. Mzime anafuula mwa chizolowezi, "Afika achimwene ndi alamu!" koma mawu ake anatuluka opanda mphamvu.

Anapatsana moni. Mzime anathira tiyi, n'kuika kapu ya bambo pakona yake.

"Agogo, lili kuti?" mtsikanayo anafunsa, akuvula kale nsapato zimene anabwera nazo.

Mzime analowa kuchipinda n'kutuluka ndi phukusi. Alamu anasuntha makapu onse kuwaika pakabati kuti patebulo pakhale malo, n'kumasula pepala. Anakweza chidutswa choyamba. Anakweza chachiwiri, shiti ikulendewera kumbuyo kwake.

"Mayo ine!"

Mtsikanayo anagwira pakamwa. Achimwene anaimirira, natenga chidutswa cha pachifuwa, kuchiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anayang'ana bambo. Mzime anaona kuti aka kanali koyamba pa nthawi yaitali kuti achimwene ayang'ane bambo m'maso, osati pamisoko.

"Bambo, chachitika n'chiyani? Kodi maso anuwa ali bwinobwino?"

Alamu anawayandikira amuna awo n'kunong'ona, koma m'chipinda chaching'ono chotero nong'onong'o amamveka. "Ndinakuuzani ine. Chipinda chakumbuyo chija chili chabe. Tingowatenga."

Manja a bambo anagwira mikono ya mpando.

"Si ine," bambo anatero.

Onse anacheuka.

"Ndinalemba choko bwinobwino. Ndinangotuluka pang'ono kupita kuseri. Pobwera ndapeza mwanayu wagwira sizasi yanga." Nkhope yawo inaloza kukhoma, kumbali kumene Mzime kunalibe. "Ndinamuletsa kuyambira kale."

Mzime anayang'ana achimwene, ndipo chimene anaona pankhope pawo chinali mpumulo. Mapewa awo anatsika. Nkhani iyi inali yopepuka kuinyamula kuposa inayo.

"Mzime! Zoona?"

Mzime anayang'ana pansi. Anali atazolowera. Kapu ikasweka ali mwana ankati ndi Mzime, ndipo iye ankangokhala chete mpaka mkuntho udutse. Anaganiza kuti uwunso udutsa. Adzamukalipira, adzagula diresi lina, bambo adzatsala pakhonde pawo.

"Ndinaona ine tsiku lija kukhitchini," alamu anatero. "Ndinadziwa kuti mtima wake suli bwino. Nsanje imeneyi, mlamu, mpaka pa mwana?"

"Munthu wamkulu ngati iwe!" achimwene anakalipa. "Bambo pa ukalamba wawo akukudyetsa ndi makina, iwe ntchito yako n'kungosesa ndi kuphika, ndiye ukuwaonongeranso dzina?"

Mtsikana uja anali atakhala pansi, nsapato imodzi kuphazi. Sanakalipe. Anangokweza nkhope yonyowa.

"Azakhali, ndinakulakwirani chiyani?"

Mzime analuma mlomo mpaka anamva mchere.

Achimwene anayendayenda m'chipindamo, kenako anaima. Mawu awo anabwerera kukhala a munthu wozolowera kugamula nkhani.

"Vuto ndi kukhala chabe. Tinalakwitsa ife kukuika pano. Bambo safuna mlezi, mwaona nokha ntchito yawo. Mawa ulongedze. Ukakhala kwathu, uzikathandiza alamu ako za ukwatizi, ndipo pambuyo pake tikupezera chochita. Bambo akhala okha mwaufulu. Si choncho, bambo?"

Dzanja lamanja la bambo linachoka pampando n'kupita pakona ya tebulo, pamene kapu yawo inkakhala masiku onse. Kapu panalibe. Zala zinakhudza thabwa, zinasuntha pang'ono kumanzere, zinabwerera kumanja, zikufufuza mwakachetechete kuti wina asaone. Kapuyo inali pakabati, poonekera, patsogolo pawo penipeni.

Mzime anaona dzanja limenelo. Anaona m'mawa wa Lolemba, bambo ali okha, akufufuza machesi pafupi ndi mbaula. Anaona masitepe a kuseri. Anaona munthu akulowa pageti popanda womutchula dzina. Iye akakhala chete, bambo atsala okha mumdima. Akalankhula, galimoto ili pageti.

Anapita pakabati, natenga kapuyo, n'kuiika m'dzanja la bambo. Anapinda zala zawo pachogwirira. Analigwira dzanjalo kanthawi.

"Bambo, mundikhululukire," anatero. "Chinsinsi chanu ndinasunga. Koma zandikulira."

"Mzime," bambo anatero motsitsa. Linali pempho.

Anaimirira n'kutembenukira kwa achimwene. Mawu ake poyamba anali aang'ono, moti alamu anachita kupendeketsa mutu.

"Achimwene, bambo saona. Si za lero. Inu mukalowa pageti amakudziwani chifukwa ine ndafuula. Misoko mumaitama ija ndi yanga. Amasoka m'mawa, ine ndimamasula masana n'kusokanso. Sizasi sindinaigwire, sindidziwa n'kudula komwe. Shiti ndinayala ndine, ndipo sindinawauze, umenewo ndiye mlandu wanga. Iwe mwana wanga, sunandilakwire kanthu. Diresi lako taononga tonse m'nyumba muno chifukwa choopa kunena chinthu chimodzi."

"Mzime, khala pansi, tikambirane bwino," achimwene anatero.

"Sindinamalize, achimwene. Mwalankhula zaka zonsezi, lero mundimvereko." Anapuma, napukuta manja pachitenje ngakhale anali ouma. "Bambo sananame chifukwa ndi oipa. Akuopa galimoto yanuyo. Anaona mmene anawanyamulira a Chidendene, ndipo amva mmene alili lero. Alamu, chipinda chanu chakumbuyocho ndi chabwino, koma muno bambo amadziwa pali mpando, pali chitseko, pali makina awo. Kwanu akakhala akhungu enieni. Musawanyamule. Mukawanyamula mudutse pa ine.

"Koma ndekha sindingathenso. Ndatopa, achimwene. Mumati ndikunenepa. Ine sindinagonepo masana, sindinapiteko ngakhale kumaliro a mnzanga, chifukwa ndikatuluka ndimaganiza za masitepe. Munandiika pano osandifunsa, ndipo ine ndinalakwa kukhala chete mpaka munayesa kuti palibe chimene ndikusenza. Bambowa si anga ndekha. Muwatengere kuchipatala akawaone masowa, kenako muwabweze pano pakhomo pawo. Muwauze abale enawo azibwera. Inunso muzibwera kudzagona, muwatsogolere kubafa, mumve mmene amaitanira amayi kutulo. Osati kudzamwa tiyi ndi kutembenuza mathalauza."

Mtsikana uja anali atasiya kulira. Achimwene anali akadagwira chidutswa cha pachifuwa, ngati aiwala kuti chili m'manja. Nkhope ya bambo tsopano inali italoza kumene kunkachokera mawu a Mzime. Iye sankadziwa ngati bambo adzamukhululukira.

Anagwada pafupi ndi mpando wawo, pamalo pomwe mdzukulu anagwada tsiku lija.

"Bambo, munandipweteka lero. Ndikuti mudziwe. Sindichoka, koma munandipweteka. Ndipo mawa singano ndidzalowetsa ulusi inu mutadzuka, muli pomwepo. Ndatopa kubisala m'nyumba mwathu momwe."